Ukandimverere Gudumu la Kumbuyo

Ku Mulanje,
Lachinayi madzulo.

Eneresi mwana wanga,

Chiwerukireni ndakhala pakhonde pano, ndikumvetsera iwe ndi mayi ako mukulimbana za mapoto oti alowe m'katoni ndi oti atsale. Kawiri konse ndatsegula pakamwa kuti ndikuitane tikhale pansi, koma ndalephera. Ndiye ndang'amba mapepala m'kope la kwaya la mayi ako, ndikukulembera ngati uli kale ku Mchinji, chonsecho uli kuseri kwa chitseko chomwechi. Kalatayi ndikupatsa mawa m'mawa. Uiwerenge musanafike pa phula, usadikire kuti mukafike kaye, chifukwa nkhani yake ndi ya pamsewu.

Za banja anakuuza kale azakhali ako ndi amayi a kumpingo sabata ya ukwati ija, mpaka unachita kusinza. Pamenepo ine sindiwonjezapo. Ine ndine dalaivala wa lole ya pa esiteti, ndipo chimene ndakupatsani inu awiri ndi pikapu yakale ija. Ndikufuna ndikuuze za kulira kwake. Amuna ako ndi munthu wabwino, mphunzitsi waulemu wake, koma layisensi atenga mwezi wathawu, ndipo akagwira chiwongolero maso amangoti tong'o kutsogolo, makutu atatseka. Komanso ndi apongozi anga. Ndingawakhazike pansi bwanji ngati mwana wa sukulu, n'kumawauza kuti mverani apa, gwirani apo? Ife tikakumana timapatsana moni maso ali pansi, basi. Koma iwe ndiwe wanga, ndikhoza kukukalipira. Ukhala mpando wa kumanzere, manja ako alibe ntchito, ndiye makutu a galimotoyo akhala ako.

Mkati mwa gudumu lililonse muli kachitsulo kangati mphete, kokhala ndi tizitsulo tating'ono togubuduka, ndipo gudumu lonse limazungulira pamenepo. Timati bering'i. Ikakhala ndi girizi wokwanira suimva n'komwe. Ikayamba kudyeka imang'ung'udza chapansipansi, uuuu, ngati njuchi zili m'mphako chapatali. Galimoto ikathamanga kulirako kumakwera, ikachepetsa liwiro kumatsika. Ukakunyalanyaza, bering'iyo imatentha, imaphwanyika, gudumu n'kuchoka galimoto ikuyenda.

Zimenezi sindinawerenge m'buku. Iwe uli kumsana, ndinatumidwa ku Limbe ndi lole kukatenga feteleza, ndipo pobwera ndinanyamula amayi asanu amene anandiimitsa panjira ndi madengu awo. Kulira ndinakumva ndithu tisanatuluke n'komwe m'tauni. Ndinati ndi matayala, chifukwa ndinkafuna kuti akhale matayala. Ndinali ndi changu, kunyumba kunali kalongonda amene mayi ako anali atamuphika kuyambira dzana lake. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kwaya mokweza kuti ndisamve. Titayandikira pa Thuchila ndinamva fungo la girizi wopserera, kenako ndinaona gudumu likundipitirira lokha kulowa m'munda wa nandolo. Lole inagwada. Mayi mmodzi, amene dzina lake sindinalidziwe mpaka lero, anagwera pansi n'kuthyoka mkono. Sananditukwane. Anangondifunsa kuti, "Bambo, simunamve kuti galimoto ikulira? Ifetu kumbuyo kuno timamva." Eneresi, galimoto ikalira usaimbe nyimbo, ngakhale uli ndi mawu abwino chotani. Uwauze amuna ako aime.

Tsono si kulira konse kumene kuli kwa bering'i, ndipo apa ndi pamene anthu amatayira ndalama. Pali njira yosiyanitsira. Mukakhala pa phula, pamalo oongoka, popanda njinga kapena ana, uwauze aphunzitsi achotse giya kwa kanthawi kochepa, galimoto izingoyenda yokha. Injini ikhala chete. Kulira kukatha, vuto lili ku injini. Kukapitirira, lili kumagudumu. Kenako umvetsere pamene msewu wasintha, kuchoka pa phula losalala kulowa pa lokhakhala. Matayala amasintha nyimbo malinga ndi msewu, koma bering'i ilibe nazo ntchito, imangolira chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndikuti mudzere msewu wa phula wa ku Luchenza. Pa fumbi ndi mabampu pikapuyo imalira paliponse, chitseko, mabawuti, mapoto anuwo, sungamve kanthu.

Nthawi ina ndinalipira kawiri chifukwa cha pakamwa pangapa. Pikapu yomweyi nditangoigula kwa kalaliki wina wa ku fakitale, inayamba kung'ung'udza. Ndinakhotera kumanja, kulira kunakula, ndiye ndinati basi, gudumu la kumanja. Ndinalowa m'galaja ina ku Limbe chifuwa chili patsogolo n'kunena kuti, "Ndisinthireni bering'i ya kutsogolo kumanja." Makaniko sanafunse kanthu. Afunsirenji munthu wabwera ndi matenda ake ndi mankhwala omwe? Anasintha, ndinalipira, ndinatuluka, uuuu monga kale. Nditabwerera anangotambasula manja n'kuti, "Munanena nokha, achimwene." Yowonongeka inali ya kumanzere.

Lamulo lake ndi lakuti ukakhotera kumanja, kulira kukakula, ndiye kuti ndi gudumu la kumanja... ayi, waona, ndabwereza cholakwa chomwecho papepala. Ndafufuta. Tiyambirenso, ndipo usaloweze mawu, umve ndi thupi lako. Galimoto ikakhotera kumanja, iwe umakankhikira ku chitseko chako, kumanzere. Kulemera konse kwa galimoto kumapitanso komweko. Gudumu limene lasenza katundu ndi limene limabuula. Ndiye phewa lako likagunda chitseko, kulira n'kukula, wodwala ali mbali yako. Ukapendekera kwa amuna ako, kulira n'kukula, wodwala ali mbali yawo. Aphunzitsi asachite kukhota kwambiri, angogwedeza chiwongolero pang'ono uku ndi uku. Nthawi zambiri zimatero. Ndikuti nthawi zambiri, chifukwa ndinaonapo ina yochita zosiyana, ndipo mpaka lero sindikumvetsa.

Choncho kwa makaniko usakanene dzina la matenda. Ukangoti, "Galimoto ikulira, tiyeni mukwere mumve." Wokana kukwera, woti amadziwa kale asanamve, umutsanzike mwaulemu. Wokwera, umusiye atchule yekha gudumu, iwe lako uli nalo mumtima. Mukagwirizana, ndi chiyambi chabwino. Kenako aikweze pa jeke. Umange chitenje chako bwinobwino, ugwade, ugwire tayala dzanja lina pamwamba lina pansi, ugwedeze. Likamachita khokhokho, muli mpata. Ulizungulitse, umve ngati mukumveka mchenga. Anthu adzaseka kuti mkazi wa aphunzitsi wagwada pa tayala. Aseke, pikapuyo si yawo. Ndipo mukayenda mtunda n'kuima, uziyendera magudumu onse anayi, kuyandikiza kuseri kwa dzanja pakati pa gudumu. Onse amafunda, koma limodzi likatentha kuposa anzake, limenelo ndilo.

Za mtengo ndinapusitsidwa mochititsa manyazi, ndipo mayi ako sadziwa mpaka lero, usawauze. Bering'i ina itadyeka, makaniko wa galaja yooneka bwino anandiuza teni kwacha. Wina wa pansi pa mtengo wa mango anati folo kwacha, sipeya ndi ntchito yomwe. Ndinasangalala, ndinadziona wochenjera. Anandiuza kuti ndikamwe tiyi kaye pamene iye akuthamangira kusitolo. Nditabwera anandionetsa bering'i yonyezimira m'kapepala ka mafuta, n'kuilowetsa ndikuona. Patangotha masabata awiri kulira kunabwerera. Nditamasula ndekha ndinapeza kuti ndi yanga yakale yomwe ija. Anangoitsuka ndi parafini, n'kuipaka girizi wambiri kuti itseke pakamwa. Ndinagula katundu wanga yemwe, n'kuthokozanso.

Ndiye akakuuza mtengo, uugawe pawiri: sipeya ndi zingati, manja ndi zingati. Woba sakonda funso limeneli, amafuna zonse zikhale mumphika umodzi. Mtengo wa sipeya ukaufunse wekha kusitolo ina. Usachoke pomwe akumasula, tiyi udzamwa kunyumba. Yakale akupatse m'manja, uipukute, uione padzuwa. Yodyeka imakhala ndi timaenje ngati nthomba, kapena yada chifukwa cha kupsa. Ikakhala yosalala, umufunse kuti wasinthiranji. Nthawi zina bering'i imangofuna girizi watsopano ndi kumanga nati pang'ono, ndipo makaniko woona mtima amanena yekha ngakhale akudziwa kuti alandira zochepa. Wotereyo ukamupeza ku Mchinjiko umugwire ndi manja awiri. Akamaliza, akwerenso nanu mumve limodzi, ndalama izituluka pambuyo. Ndisanaiwale, makhadi a chipani musaike m'katoni pansi pa mapoto, akhale m'thumba mwako, chifukwa pamsika uliwonse mukaima adzawafuna.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikupazungulira, ndipo ndikuona kuti ndadzaza mapepala atatu pothawa.

A Mulepa a ku Nkando ukuwadziwa, makaniko aja amene anakunyamulira keke pa ukwati. Ndi amene ndimati woona mtima. Zaka khumi ndi zisanu akugwira pikapu imeneyi, sanandibereko ngakhale tambala. Miyezi itatu yapitayo, nditatsimikiza kuti ndikupatsani galimotoyi, ndinamva kulira. Kochepa, chakumanzere. Ndinati mwana wanga sangapite ndi galimoto yodwala. A Mulepa anakwera, tinayenda mpaka pa mlatho n'kubwerera, iwo n'kuti, "Achimwene, ine sindikumva kanthu." Ndinaseka. Pa esiteti yonse madalaivala amandiitana ine kuti ndikawamverere malole awo, ngakhale bwana manijala amatero. Ndinawauza a Mulepa kuti asinthe ya kutsogolo kumanzere. Lamulo langa lomwe ndakupatsa pamwambapa ndinaliphwanya ndekha. Anasintha. Yakale inatuluka yosalala ngati supuni. Ndinati kaya, mwina diso langa. Ndikubwerera kunyumba, uuuu.

Sabata yotsatira ndinawasinthitsa ya kumanja. Yosalalanso. Kulira kuli pompo. Ndiye mutu unandithamangira kwa makaniko wa parafini uja, ndinati nawonso a Mulepa ayamba. Linali tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, ogulitsa chinangwa ayala mpaka pakhomo pa galaja. Ndinaima pakati pa anthu n'kunena mokweza kuti, "A Mulepa, mwayamba liti kuba? Mukundibwezera zakale zomwe, mukuona ngati ndine mwana?" Anaika sipanala pansi pang'onopang'ono. Anati, "Achimwene, mabokosi ake ndi awa, zakale zanu ndi izi, munaimirira pomwepa ndikumanga. Mwatani kodi?" Ine ndinakwera galimoto n'kumenyetsa chitseko. Pa ukwati wako anabwerabe, keke ananyamulabe, koma unaona kuti sitinakhale benchi imodzi.

Lamulungu lapitali tinayenda wapansi kupita kutchalitchi ku Mishoni, pikapu itatsala pano pakhomo. Pa nthawi ya pemphero, mpingo wonse uli zii, ndinaimva. Uuuu, chakumanzere, bering'i yeniyeni. Ndinatsegula maso kuyang'ana pawindo kuti mwina pali galimoto ikudutsa. Kunalibe. Ndinatseka khutu ndi chala, kulira kunakula. Eneresi, ndinachita mantha. Pemphero lonse linandidutsa, ndinangoona anthu akudzuka. Chiyambire tsiku limenelo ndikuimva m'munda, ndikuimva posamba, ndikuimva pano ndikulemba. Mayi ako akhala akudandaula kuti masiku ano akayankhula ndimatembenuza mutu ngati nkhuku, ine n'kumati amayankhulira m'mano.

Ukhoza kunena kuti basi nkhani yatha, vuto ndi khutu, galimoto ili bwino. Inenso ndikanakonda zikanakhala zophweka choncho. Koma ndikakwera pikapu kulirako kumakula ndi liwiro, kapena ndimaganiza kuti kumakula. Khutu lingadziwe bwanji liwiro la galimoto? Lachiwiri ndinayenda nayo mpaka ku boma, nditaima ndinagwira magudumu, ndipo la kumbuyo kumanzere linali lofundirapo. Kapena ndi dzuwa, chifukwa mbali imeneyo ndi imene inali padzuwa. Kapena ndi mabuleki. Ndinazungulira galimoto katatu ndikugwiragwira mpaka wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Dzulo ndinameza manyazi n'kupita ku Nkando. Sindinapepese, ndinangoti a Mulepa aonenso kumbuyo. Anaikweza pa jeke, anagwedeza, anazungulitsa, anaika khutu nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwina kumbuyo kumanzereku muli kampata pang'ono. Mwina. Ya kumbuyo ndi yovuta kuchotsa, sipeya naini kwacha, manja sikisi. Koma sindikukukakamizani." Anagawa okha mtengo pawiri ndisanafunse. Ndinagwada, ndinagwedeza nanenso. Mpata ndinaumva, kenako sindinaumve.

Tsono tandiuza, mwana wanga, mawu amenewa ndiwamve bwanji? Mwina ndi zoona, bering'i yayambadi kudyeka, ndipo mawa ndikukukweza pa galimoto yoti gudumu likhoza kuchoka pa zitunda za ku Ntcheu. Mwina akwiya, akuti poti wanditcha wakuba, ndimubere zenizeni. Sindikukhulupirira, koma munthu ukamunyoza pamsika sudziwa chimene wabzala. Ndipo pali chachitatu chimene chikundiwawa kuposa zonse. Pomwe ankanena mawuwo sanandiyang'ane kumaso, ndipo anayankhulira mbali ya khutu langa la kumanja, mokweza pang'ono. Mwina adziwa. Mwina akungondipatsa kampata kongopeka kuti mkulu mnzawo ndisachoke ndi manyazi. Ine amene ndakulembera malamulo onsewa oyezera makaniko, ndalephera kuyeza munthu amene ndamudziwa zaka khumi ndi zisanu. Ndinawauza kuti ndikaganize, n'kubwerako osasintha kanthu.

Ndikanatha kungolipira kuti mtima ukhale pansi, ndalamayo si imene ikundivuta. Koma akasintha, ine ndizimvabe kulira, ndipo sindidzadziwa chilichonse. Pamene ndiyenera kudziwa. M'mawa uliwonse ndimanyamula anthu othyola tiyi odzaza lole, amayi ena ali ndi ana kumsana, kutsika nawo zitunda za m'mphepete mwa phiri. Zaka zonsezi chimene chawasunga ndi khutu langali. Ngati tsopano likulira lokha, tsiku limene lole idzalire zenizeni ndidzati ndi khutu. Kuchipatala cha pa esiteti sindinapite, chifukwa zonena kumeneko m'mawa, masana zafika ku ofesi. Madalaivala anzanga sindingawafunse, mawa lake nkhani ili ponseponse. Mayi ako akakwera galimoto amagona tisanatuluke pageti. Watsala ndiwe.

Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo moyo wanga wonse sindinatumepo munthu kukandimverera galimoto. Lero ndikutuma iwe. Pa kwaya umamva mnzako akaphonya mawu ali mzere wachitatu, ndiye ichi sichingakukanike. Mukafika pa phula loongoka, utseke mawindo, uwapemphe amuna ako asayankhule. Usawauze chifukwa chake, ungoti bambo anati tiziyesa galimoto tisanapite kutali. Achotse giya. Agwedeze chiwongolero pang'ono. Utchere khutu kumbuyo kwa mpando wako, kumanzere. Mukayenda mtunda muime pamthunzi, osati padzuwa, ugwire magudumu onse anayi. Usafulumire, ndipo usamve chifukwa choti ine ndakuuza kuti kuli kulira. Umve chimene chilipo.

Ukamva kung'ung'udza, ngakhale kochepa, musapitirire. Ku Mchinji sikuthawa, sukulu ikutsegulidwa Lolemba. Mubwerere pang'onopang'ono mpaka ku Nkando, a Mulepa asinthe, ndalama ndaika mu envelopu yomweyi, ndipo musanenerere mtengo. Yakale unditumizire ndiione ndi maso anga.

Ukapanda kumva kanthu, pitirirani ulendo, Mulungu akutsogolereni, ndalamayo mugulire nyali ndi ndowa. Koma ukafika, usanamasule n'komwe makatoni, undilembere. Ndikukudziwa iwe, uli ndi mtima wa mayi ako, udzafuna kundikondweretsa. Udzalemba kuti mwina kanalipo pang'ono, bambo, mwina. Mawu amenewo ndinawamva kale dzulo, ndipo andisowetsa mtendere. Usandichitire chifundo chotero. Kumbukira kuti kumbuyo kwa lole yanga kumakhala ana a anthu. Ulembe mzere umodzi wokha, kuti bambo, galimoto ili chete.

Kalata imeneyo ikafika, ndidzavala jekete langa la ukwati wako, ndidzapita ku Nkando tsiku la msika, ndidzaima pamalo pomwe ndinaima paja n'kunena mokweza kuti a Mulepa si wakuba. Kuchoka pamenepo ndidzapita ku ofesi kukapereka makiyi a lole. Sindikudziwa kuti munthu amene wayendetsa galimoto moyo wake wonse amadzuka n'kumatani m'mawa, ndipo ndikuopa kwambiri. Koma ulembe zoona.

Mayi ako akuitana kuti ndikamange katundu pa pikapu kusanade. Aitana katatu, akuti, ine ndamva kamodzi.

Ndine bambo ako,
amene akudikira kalata yako.